Mikwingwirima ya supuni ya agogo

Supuniyo inali yadothi, yoyera, yaifupi, ili ndi kansomba kabuluu pakati. Sankadyera. Inkakhala pawindo la kukhitchini, pambali pa kabotolo ka mafuta obiriwira onunkha ngati masamba a bulugamu. Ndinaiona tsiku lomwe ndinalowa m'nyumba imeneyo ku Mississauga, pafupi ndi mzinda wa Toronto. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Amayi anali atatsogola. Malume, amene ankagwira ntchito muofesi pafupi ndi bwalo la ndege, ndiwo anawapezera ntchito yosamalira gogo wina wa ku Vietnam. Patapita chaka ananditenga ine. Kwathu ku Ntcheu ndinasiya mvula itayamba. Uko ndinapeza chisanu choluma makutu. Tinkagona chipinda cha pansi pa nyumba, chomwe onse ankachitcha basimenti. Windo lake linali m'mwamba, laling'ono. Ukasuzumira unkangoona nsapato za anthu ndi sinowo.

Agogowo anafa mwendo umodzi ndi sitiroko, koma manja awo anali amphamvu. Atandimwetulira koyamba ndinabwerera m'mbuyo. Mano awo onse anali akuda bii, owala ngati njere za mavwende. Ndinanong'oneza amayi kuti gogoyu ndi mfiti. Amayi ananditsina khutu.

Mwana wa agogowo ndiye anali mwininyumba. Ife tinkangoti alandilodi. Anali bambo wamfupi, wosuta fodya kwambiri, ankayendetsa kagalimoto konyamulira katundu kuweyahausi ina, nyumba yaikulu yosungiramo katundu, ku Brampton. Anali ndi matenda amodzi: mbiri ya dziko lawo. Ana awo aakazi, obadwira komweko, akangomva kuti bambo ayamba, ankathawira m'zipinda zawo. Ankayankha m'Chingerezi chokha. Ine ndinalibe kothawira. Sinowo ikagwa, ine ndi alandilodi tinkatuluka ndi mafosholo kukakokolola panjira ya galimoto. Chingerezi chawo chinali chothyoka, changa chinali cha Sitandade 5. Tinkamvana bwino.

Anayamba ndi manowo. Anali atandiona ndikutembenuza nkhope.

"Ukuyesa ndi owola? Pita ukawagwedeze. Ako adzagwa, a amayi anga akadalipo."

Anati amayi awowo anachita kuwadetsa ndi utomoni ali namwali. Kwawo kale mano oyera anali a galu ndi a mlendo. Kenako anatenga chogwirira cha fosholo n'kujambula pasinowo. Chidziko chachikulu pamwamba, kadziko kowonda pansi pake.

"Uku ndi ku China. Aka ndi ife. Anatikhala pamutu zaka chikwi."

Ndinayesa kuti alakwitsa mawu a Chingerezi. Ndinati mwina akutanthauza zana. Anagwedeza mutu. Chikwi. Lero ndimati ndikaganiza ndimaseka. Kwathu azungu sanakwanitse ngakhale zaka zana, koma mpaka pano timachita manyazi kulankhula Chichewa kubanki.

Tsiku lililonse la sinowo linali ndi gawo lake. Anandiuza za abwanamkubwa amene mfumu ya ku China inkatumiza. Ena anali akuba, ena anali anthu abwino. Alandilodi ankati abwinowo ndiwo anali ovuta kwambiri, chifukwa wakuba amafuna katundu wako yekha, wabwino amafuna kukukonza. Anabwera kudzaphunzitsa anthu kukwatira bwino, kuvala bwino, kupesa bwino, kulemba zilembo zawo. Msonkho unali minyanga ya njovu, nyanga za chipembere, nthenga za mbalame, ndi ngale. Amuna ankamira pansi pa nyanja kufuna ngalezo, ena osatulukanso. Ndinati kwathu zotere ankati thangata. Analitenga liwulo, n'kulibwereza kangapo ngati akulilawa.

Anandiuza za akazi awiri apachibale. Bwanamkubwa wina anapha mwamuna wa wamkuluyo. Awiriwo anasonkhanitsa anthu, n'kuthamangitsa alendowo. Amati ankamenya nkhondo atakwera njovu. Analamula dziko zaka zochepa chabe. Kenako kunabwera mkulu wa asilikali wokalamba, n'kuwagonjetsa. Analanda ng'oma zamkuwa za mafumu a m'midzi, n'kuzisungunula, n'kuumba hatchi yokapereka kwa mfumu yake. Amatinso anaimika chipilala chamkuwa m'malire, ndi temberero lakuti chikadzagwa, mtundu wonsewo udzatha.

"Ukanakhala iwe ukanatani?" anandifunsa.

Ndinati ndikanachigwetsa.

"Chitsiru. Ukanatipha tonse."

Anati aliyense wodutsa ankaponya mwala patsinde pake kuti chisagwe. Anaponya, anaponya, mpaka chinakwiririka. Lero palibe akudziwa pamene chili. Anaseka mpaka kutsokomola, utsi wa fodya ndi wa mpweya zikutuluka pamodzi.

Nkhani imene ndinkaikonda ine inali ya mumtsinje. Mkulu wina wa nkhondo anakhoma zichiri zosongoka, zovekedwa chitsulo kunsonga, pansi pa mtsinje pafupi ndi nyanja yamchere. Kumeneko madzi amakwera n'kutsika tsiku lililonse. Mwana wa ku Ntcheu sindinkadziwa zimenezo. Madzi atakwera, zichiri zinabisika. Timabwato tawo tinaputa zombo zazikulu, n'kunamizira kuthawa. Zombo zinatsatira. Madzi atatsika, zinabooka zonse. Zaka chikwi zinathera pamenepo. Alandilodi anabaya mulu wa sinowo ndi fosholo, ine ndinakuwa.

Koma panali gawo limene linkandinyansa. Anati patapita zaka zambiri alendowo anabweranso. Anatentha mabuku, analamula anthu kusunga tsitsi ndi kuvala ngati iwo. Anathamangitsidwanso. Ndiye mfumu yopambanayo inawapatsa mahatchi ndi zombo zobwererera kwawo, kenako inatumiza nthumwi kumpoto ndi mphatso ndi mawu odzichepetsa.

"Wapambana ndiwe, ukupepesanso ndiwe?"

"Ee. Iwo ndi ambiri. Mawa adzakhala ali pomwepo. Umupatse ulemu apite nawo kwawo, iwe utsale ndi munda."

Ndinati amenewo ndi mantha. Ndinawafunsanso kuti ngati anali adani, bwanji amadyera timitengo ngati iwo, bwanji pamalo pamene ankafukizira makolo awo panali zilembo zawo, bwanji Loweruka lililonse ankakagula ndiwo kwa Mtchaina ku Toronto n'kukhala naye nthawi yaitali akumwa tiyi. Anati munthu ukakhala naye zaka chikwi, mphika wake umaudziwa. Zothandiza anatenga. Chilankhulo cha kumudzi ndi mano a amayi awo anatsala nazo. Sindinakhutire.

Pakati pa chisanu ndinadwala. Thupi linatentha, mutu unalemera, chifuwa chinatseka. Mankhwala a kufamase sanathandize msanga. Agogo anandigwira pamphumi, n'kuloza pawindo. Amayi anabweretsa supuni ndi kabotolo kaja. Anandivula malaya, n'kundigoneka chafufumimba pasofa. Amayi anandigwira mapewa. Agogo anapaka mafuta, n'kuyamba kupala msana wanga ndi m'mphepete mwa supuni, kuchokera pamsana kutsata nthiti, ngati akupala nsomba. Zinkawawa pang'ono, zinkatentha, kenako zinkakoma. Alandilodi anati akuchotsa mphepo yoipa m'thupi. Ndinatuluka thukuta n'kugona. Kutacha ndinapempha chakudya. Kaya inali supuni, kaya mankhwala a kufamase anali atayamba kugwira, sindikudziwa. Ndinachira.

Msana wokha unatsala ndi mikwingwirima yofiirira mbali zonse ziwiri. Inkaoneka ngati ya chikoti.

Ndinabwerera kusukulu. Nthawi ya masewera tinkasintha malaya. Mnyamata wina anakuwa. Aphunzitsi anabwera. Anali mayi wabwino, amene anandipatsa magolovesi a mwana wake nditangofika. Anaona msana. Ananditembenuza, n'kuonanso mphini za pachifuwa, zimene sing'anga ananditema ndili khanda pamene ndinkadwaladwala. Nkhope yawo inayera. Anandifunsa mofatsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndinati kuli bwino. Ndinkayang'ana pansi, monga mwana woleredwa amachitira. Iwo anaona mwana wobisa zinthu.

Sindiwaimba mlandu. Lamulo lawo linkawauza kuti akanene, ndipo ana omenyedwa alipodi. Anachita ntchito yawo.

Madzulo ake foni inalira. Anali a kuofesi yoona za ana. Anati abwera kudzationa. Amayi anaika foni pansi n'kukhala pamasitepe. Anaitana malume.

Malume anafika atavala tayi. Sanavule nsapato.

"Chemwali, akuripotani. Mukudziwa tanthauzo lake? Kuno sakambirana kwa ankhoswe. Amabwera ndi galimoto, mwana n'kupita naye. Amakamupereka kubanja lina. Mungathe zaka mukuyenda m'makhoti."

"Achimwene, mwanayu anali kudwala."

"Kudwala? Ndi supuni? Ndinakuuzani kuti za kumudzi muzisiye pabwalo la ndege la Kamuzu. Tsopano mwawonjezanso za kumudzi kwa eniake."

Kenako anatembenukira kwa ine. Anandiphunzitsa zonena. Ndinene kuti gogo ndiye anandigwira mokakamiza, amayi atapita kushopu. Mphinizo ndinene kuti ndinagwera pawaya waminga. Ndiziyang'ana mzunguyo m'maso, chifukwa kuno woyang'ana pansi ndi wabodza. Anandibwerezetsa mpaka ndinaloweza.

"Mphwanga, gogo uja ndi wokalamba, samumanga. Amayi ako ndiwo ali pamoto. Wamva?"

Ndinati ndamva. Amayi ankadziwa kuti ndikanena zimenezo, ntchito yatha, basimenti yatha, ndipo mapepala awo anali omangirira panyumba imeneyo. Ankadziwanso kuti ndikanena zoona, ndinena kuti anandigwira mapewa ndi iwo. Malume sanali munthu woipa. Anali atakhala kumeneko nthawi yaitali, ndipo ankaopa zinthu zimene ankazidziwa.

Ndinakwera kukauza alandilodi. Ndinkayembekeza kuti akwiya, atchule njovu. Anangozimitsa fodya wawo.

"Bwanamkubwa akubwera kudzaona mano," anatero. Anapita kukagula tiyi wabwino.

Mayi wa kuofesiyo anabwera masana. Anali wamtali, wa mphuno yofiira ndi chimfine. Anavula mabuti ake pakhomo asanauzidwe. Amayi anachita zimene malume anawaletsa: anagwada pansi, n'kuwomba m'manja mwaulemu, maso ali pakapeti. Mzunguyo anadzidzimuka, n'kuyang'ana malume, amene analinso pomwepo, ngati akufunsa kuti mayiyu akuvomera mlandu kapena chiyani. Malume anatseka maso.

Anapempha kulankhula nane ndekha kukhitchini. Anaona msana. Anaona chifuwa. Kenako anafunsa kuti wandipweteka ndani.

Mawu a malume anali okonzeka pakamwa. Pabalaza ndinkamva agogo akutsokomola. Manja amenewo anali atandisendera malalanje chisanu chonse. Ndiponso bodzalo linkandionetsa ngati mwana wogwidwa ndi nkhalamba ya mwendo umodzi. Ndinene zoona, chimenecho chinandiwawa kwambiri kuposa zinazo.

"Palibe wandipweteka. Ndi mankhwala."

Anafunsa ngati zinawawa. Ndinati jakisoni amawawa kuposa. Anafunsa kumene amayi anali. Ndinati anali pomwepo, atandigwira mapewa. Anafunsa za pachifuwa. Ndinati ndinali pafupi kufa ndili khanda, amayi anandibereka kumsana kupita nane kwa sing'anga, ndipo ndi ineyo ndili pano. Anandiyang'ana. Ndinaona kuti sakukhulupirira kuti supuni ingachite zimenezo. Ndinaitenga pawindo, n'kupinda dzanja la malaya, n'kupaka mafuta. Ndinapala mkono wanga monga agogo ankachitira. Mzere wofiira unatuluka iye akuona. Sindinaphethire. Anagwira mzerewo ndi chala. Ananunkhiza kabotolo, ndipo ndikukhulupirira kuti mphuno yake inatseguka koyamba sabata imeneyo.

Titabwerera pabalaza, alandilodi anali ataika tiyi. Anawerama. Munthu wa zichiri za mumtsinje uja anawerama mpaka ndinaona dazi lake. Anati amayi awo ndi okalamba, ndi a kumudzi, sadziwa malamulo a dziko labwinoli. Anati ndi olakwa iwo, mwininyumba. Anathokoza mzunguyo chifukwa chowaphunzitsa. Analonjeza kuti sizidzachitikanso. Agogo, amene sankamva chilichonse, anamwetulira mlendoyo ndi mano awo onse.

Magazi anandiwira. Ine ndinali nditaima, iwo akuwerama.

Mayiyo anamwa tiyi. Anati sanditenga. Anati dokotala andione, ndipo iye azibwera nthawi ndi nthawi kudzaona mmene ndikukhalira. Anavala mabuti ake n'kupita. Malume anatuluka pambuyo pake osandiyang'ana. Pakhomo anauza amayi kuti mwana wosamva ngati uyu adzawaphetsa.

Sabata yomweyo alandilodi anagwidwa ndi chimfine cha mlendo uja. Ndinawapeza atagona chafufumimba pasofa, agogo akuwapala msana. Ndinati si inu munalonjeza? Anatukula mutu.

"Nthumwi zapita kale kumpoto ndi mphatso. Tseka chitseko, kukuzizira."

Ndinaseka. Pamenepo ndinayamba kuwamvetsa. Lero ndimawotcherera zitsulo ku Balaka, ndipo akabwera anthu a maudindo pashedi panga ndimawapatsa mpando ndi ulemu wonse. Amapita nawo kwawo.

Amayi okha sanaseke. Belu la pakhomo likalira ankaima chilili, supuni ya phala la agogo ili m'malere. Anasiya kunditsina khutu. Ndikalakwa ankangondiyang'ana. M'mawa uliwonse ankandivula malaya n'kundiyendera thupi lonse, kuopa kuti mwina ndagwa pamasewera n'kutupa penapake. Mayi wa kuofesi anabweranso monga ananenera. Anali waulemu, anandibweretsera buku la zithunzi. Atapita, amayi anakasanza.

Tsiku lina ndinawayankha m'Chingerezi osazindikira. Anandifunsa kuti ndati chiyani. Ndinabwereza m'Chingerezi momwemo. Sanandikalipire.

Sinowo itayamba kusungunuka, udzu wakufa ukuonekera pansi pake, anandiuza kuti ndikubwerera ku Ntcheu. Ndikakhala ndi amayi aang'ono. Iwo atsala, chifukwa kumudzi kunali pakamwa pambiri podalira ntchito yawo.

Ndinakana. Ndinati mlandu unatha. Ndinati sananditenge.

"Amayi, tinapambana!"

"Ee, tinapambana. Longedza."

Alandilodi anayesa kuwalankhula. Amayi anagwada, n'kuwathokoza, n'kunena kuti amva. Tikiti inali itagulidwa kale. Agogo anandipatsa malalanje m'jumbo, n'kundigwira patsaya ndi dzanja lawo lolimba lija. Sindinadzawaonenso.

Sukulu ndinakathera Sitandade 8 kumudzi. Amayi ndinadzawaona ndili ndi ndevu. Sindidandaula. Ndili ndi ntchito ya manja anga, ana anga amandiyankha m'chilankhulo chimene ndawafunsira, ndipo palibe amene amagogoda kudzawayendera pamsana.

Pabwalo la ndege malume anandipereka kwa mayi wina wa kwathu amene ankabwerera ku Lilongwe. Amayi anandivula jekete, n'kunena kuti uko silikagwira ntchito. Analikumbatira pachifuwa. Anandiuza kuti ndizimvera amayi aang'ono, ndizikatunga madzi ndisanauzidwe. Sanalire. Ine ndinali wotsimikiza kuti chimenechi ndi chilango, kuti akunditaya chifukwa sindinanene mawu a malume, ndipo ndinauza mayi wondiperekeza uja zomwezo ndege isananyamuke. Nzeru za mwana zinathera pamenepo. Sindikanatha kudziwa kuti amayi anali ataona kale kuti m'dziko limenelo mwana uyu adzawachoka ndithu, kaya ndi galimoto ya kuofesi, kaya pang'onopang'ono ali m'nyumba momwemo. Chimene chinawatsalira chinali kusankha okha manja omulandira, ndipo anasankha a mng'ono wawo.